Nyundo Yoduka ya Atate Anga

Mwezi uno ndifuna kukusimbirani za nyundo. Mwina ena mwa inu mudzaseka ndi kunena kuti mkuluyu nkhani zamuthera, pakuti nyundo ndi cinthu copezeka m'nyumba iliyonse, ndipo palibe mwana amene saidziwa. Inenso ndinali kuganiza cimodzimodzi. Koma nyundo imene ndinena pano ndinakhala nayo zaka zoposa 20, kuigwira sabata ndi sabata, osadziwa dzina lake ngakhale nchito yake. Tsiku limene ndinazidziwa ndinagwidwa ndi manyazi amene sanandicoke mpaka lero.

Atate anga anamwalira m'caka ca 1998, m'nyengo yokolola. Patapita mwezi, abale atasonkhana kudzagawa katundu wao, tinatsegula cibokosi cacitsulo cimene anabwera naco kucokera ku Migodi. Cuma munalibe. Munali jekete lakuda, mapepala a nchito omangidwa ndi ulusi, tizitsulo tiwiri tosalala tonga malula a kusukulu, ndi nyundo yokulungidwa m'nsanza yamafuta. Mapepala anasunga amai. Mkulu wanga anatenga jekete. Mlongo wathu, amene amasoka zovala, anapempha tizitsulo tija kuti azilembera mizera pa nsalu. Nyundo aliyense anaitembenuza uku ndi uku, naibweza pansi. Inatsalira ine cifukwa panalibe woifuna.

Ndiyenera kuifotokoza bwino kuti mumvetse cifukwa cake anaikana. Nyundo zimene tonse tizidziwa zili ndi mbali ziwiri: mpini umalowa pakati pa mutu, kwina kuli nkhope yokhomera, kwinako kuli mano ozulira misomali kapena kampira kamene amakanika amagwiritsa nchito. Iyi inali ndi mbali imodzi cabe. Mpini unalowa kumbuyo kwenikweni kwa mutu, ndipo citsulo conse cinatulukira kutsogolo, conenepa, cotalika monga cikhato ca munthu wamkulu. Ukainyamula imakoka dzanja, kufuna kugwa cotsogoza mphuno. Nkhope yake inali yozungulira, yowala ngati galasi, yotundumuka pang'ono pakati monga msana wa supuni. Mpini unali waufupi, wakuda ndi thukuta. Pambali panali zilembo zofufutika, ndipo zowerengeka zinali mau akuti SHEFFIELD ndi nambala 4.

Tonse tinagwirizana kuti nyundoyi inali yoduka. Mkulu wanga anati mwina theka lina linathyoka pa nchito, ndipo atate, amene sanali kutaya ngakhale msomali wopindika, anaitola pa dzala la Azungu. Kunyumba ndinayesa kukhomera misomali ya malata, koma inali yolemera ndipo misomali inali kungopindika. Ndinayesa kuswera miyala ya maziko, koma mpini unacepa. Potsiriza ndinaipezera nchito. Pa chalichi cathu cacing'ono ca kumudzi tilibe belu. Tili ndi citsulo ca gudumu la lole copacikidwa pa mtengo wa mango, monga zilili m'malo ambiri kuno kum'mawa. Nyundo ya atate inali kuliza citsuloco bwino kwambiri, mau ake nkumveka mpaka kutsidya kwa dambo. Kuyambira m'caka ca 2001 inakhala m'kabati ya m'chalichi, ndipo ana anaipatsa dzina lakuti Cimphuno.

Zikanatha cotero pakanapanda kamnyamata kena kamene kamandithandiza kuliza belu. Tsiku lina kanandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ngati nyundoyi inaduka, nanga bwanji kumbuyo kwake kuli kosalala? Khasu la amai litaduka, panatsala mano." Ndinaitenga nyundo ija ndi kuiyang'ana ngati ndinali ndisanaionepo. Mwanayo ananena zoona. Kumbuyo kunalibe cipsera ciliconse. Kunali kosulidwa bwino, ngodya zake zosalazidwa ndi tupa. Amene anaipanga anafuna kuti ikhale momwemo. Ine amene nchito yanga ndi kuyankha mafunso a ana, tsiku limenelo ndinasowa conena.

Pamene ndinapita ku Chipata kukagula mbeu, ndinaiika m'thumba ndi kuzungulira nayo pakati pa amisiri a ku Kapata. Wokhoma ndowa ndi mbaula anati ndi nyundo yofikira pansi pa ndowa pamene nyundo wamba singalowe. Koma atainyamula anapukusa mutu, nati kulemera kotere kungaboole lata. Wowocherera zitsulo anati ndi ya kunjanji. Makanika wina anati ndi yowongolera magalimoto ogundidwa, ngakhale anavomera kuti zao zimakhala zopepuka. Aliyense anali kuonamo nchito yake yomwe, koma palibe amene dzanja lake linaizindikira. Wotsiriza anali mnyamata wogula zitsulo zakutha. Iyeyu sanavutike ndi kuganiza. Anaiika pa sikelo, nati ndi pafupifupi makilo 2, ndipo anachula mtengo wosakwana ngakhale kugula buledi. Ndinabwerera nayo kumudzi ndi kuibwezera m'kabati.

Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. M'mwezi wa Ogasiti 2023 tinali ndi ukwati, ndipo pakati pa abale a mkwati ocokera ku Ndola panali agogo ena aamuna a zaka zoposa 80, oyenda ndi ndodo. Anafika msanga ndi kukhala pa benci pansi pa mango. Nditangomenya citsulo kawiri, ndinamva mau kumbuyo kwanga.

"Aphunzitsi, pepani, taimani. Tabweretsani kuno nyundoyo."

Anailandira ndi manja awiri. Sanayambe ndi kuiyang'ana iai. Anaigwira pa mpini, naikweza pang'ono, naisiya kuti igwe yokha pa cikhato ca dzanja lamanzere. Anacita cotero katatu. Kenaka anayendetsa cala cacikulu pa nkhope yake, imene tsopano inali ndi mabala ndi timaenje ta zaka 22 za kumenya gudumu, ndipo anausa moyo.

"Mwana wanga, mwini wake wa nyundoyi ndani?"

"Inali ya atate anga, agogo. Anatisiya kale."

"Anali kugwira nchito kuti?"

"Ku makina oceka matabwa, ku Migodi. Anali lebala cabe."

"Lebala sasunga nyundo iyi," anatero. "Iyi ndi nyundo ya dokotala wa maceka. Ine ndagwira yotere zaka 30. Ndipo inu mwaiononga nkhope."

Ukwati utatha, anthu ali mkati movina, ine ndinakhala nao agogowo mpaka dzuwa kulowa. Zimene anandiphunzitsa ndizo ndifuna kukupatsirani, pakuti ndi nzeru imene sitinaipeze m'mabuku athu a kusukulu.

Pa Cingerezi nyundoyi amaicha dog-head hammer, ndiko kuti nyundo ya mutu wa galu, kaamba ka maonekedwe ake. Cotero ana athu sanaphonye kwenikweni poicha Cimphuno. Mmisiri woigwiritsa nchito amamucha saw doctor, dokotala wa maceka. Nambala 4 ija ndi kulemera kwa mutu wake, mapaundi 4. Sheffield ndi mzinda wa ku England umene unachuka pa dziko lonse ndi mipeni, matupa ndi maceka. Pambuyo pake ndinawerenga kuti kumeneko ndiko Benjamin Huntsman anatulukira, m'zaka za m'ma 1740, njira yosungunulira citsulo colimba m'miphika yadothi, ndi kuti amisiri a mipeni ndi a matupa a mumzindamo naonso anali ndi nyundo zolemera mbali imodzi zofanana ndi iyi.

Koma nanga maceka afuniranji nyundo? Ambiri a ife tiganiza kuti maceka akavuta amangofuna tupa. Kunola mano ndi mbali yaing'ono cabe ya nchitoyo. Maceka a pa makina aakulu, amene ena amati sowo, ndi cimbale cozungulira cacitsulo, cotambalala kuposa mita imodzi koma copyapyala, cocindikala mamilimita 4 kapena 5 cabe. Cimazungulira maulendo 500 kapena 600 pa mphindi imodzi. Pa liwiro lotere citsulo ca m'mphepete, kumene kuli mano, cimakokedwera kunja. Komwekonso ndiko kumatentha cifukwa ca kukhulana ndi mtengo, ndipo monga mudziwa, citsulo cikatentha cimafutukuka. Tsono m'mphepete mumatalika, pamene pakati pali cikhalire.

Pofuna kuti ndimvetse, agogowo anavula cipewa cao cakale, nandionetsa mlomo wake wopindikapindika ngati mafunde. "Mlomo uwu unatalika kuposa cipewa cake," anatero, "ndiye ulibe kopita koma kuwerama uku ndi uku. Maceka naonso amatero." Maceka otere amayenda ngati njoka mkati mwa mtengo. Thabwa limatuluka lonenepa kwina, lopyapyala kwina. Citsulo cimapsa nkucita mawanga abuluu. Ndipo cikang'aluka cili pa liwiro, cingathe kupha munthu.

Mankhwala ake ndi odabwitsa. Dokotala sakhudza m'mphepete modwalamo. Amagoneka cimbale pa citsulo cosulirapo colimba, cosalala, ndipo amamenya mkati, pakati pa ciboo ca pakati ndi mano, motsata mizera yozungulira imene walemba ndi coko. Kumenya kulikonse kumafutukula citsulo pang'ono kwambiri, kosaoneka ndi maso. Akatha mbali imodzi amatembenuza cimbale ndi kumenya mbali inayo pa malo omwewo, ndi mphamvu yomweyo, maulendo omwewo; akaphonya, cimbale cimaloweka nkusanduka mbale ya ndiwo. Citsulo ca mkati cikafutukuka cimakankhira mphepete kunja, ndipo mphepetezo zimakungika ngati cikopa ca ng'oma. Maceka otere ukawaimika pansi ndi kuwagwedeza, pakati pamaoneka polobodoka, ndipo munthu wosadziwa anganene kuti aonongeka. Koma akafika pa liwiro lake, mphepete zikatalika, zonse zimalingana, maceka amaima nji ndi kuceka mowongoka. N'cifukwa cake maceka aliwonse amakhomedwa molingana ndi liwiro la makina ake. Ukawasamutsira pa makina othamanga mosiyana, ayenera kubwereranso kwa dokotala.

Apa ndi pamene maonekedwe a nyundo ija anayamba kumveka kwa ine. Kulemera konse kuli kutsogolo kuti igwe yokha, molunjika, ndi kukhala pamene yagwera osadumpha. Mmisiri samenya ndi phewa monga woswa miyala. Amangoikweza pang'ono ndi kuisiya, cotero kumenya kwa 100 kumafanana ndi koyamba. Mpini ndi waufupi cifukwa pa nchitoyi kulunjika kuposa mphamvu. Nkhope ndi yozungulira ndi yotundumuka kuti citsulo cifalikire mbali zonse mofanana. Iyeneranso kukhala yosalala ngati galasi, pakuti bala lililonse la pa nyundo limadindika pa maceka, ndipo pa cidindo cotero ndi pamene mng'alu ungayambire. Conse cimene ife tinali kuciyesa cilema cinali ndi cifukwa cake.

Agogowo anati nyundoyi siyenda yokha. Ili ndi zinzake ziwiri za nkhope zazitali ngati cala. Ina ili ndi nkhope imodzi yotsata mpini ndi inzake yopingasa; inayo nkhope zake ndi zopendekeka. Zimenezo ndi zophwetsera zotupa ndi mitunda ya pa cimbale. Kenaka anandifunsa kuti, "Kodi m'katundu wa atate anu munalibe tizitsulo towongoka tonga malula, topanda manambala?" Mtima wanga unagunda. Ndinawauza kuti tili kwa mlongo wanga, alembera nsalu. Anaseka mpaka kutsokomola. Timeneto ndito maso a dokotala. Amaimika kacitsulo pa cimbale ndi kuyang'ana kuwala kodutsa pansi pake. Pamene kacitsuloko kagwedera pali cotupa, ndipo amapazunguliza ndi coko. Akatukula cimbale mbali imodzi, pakati pamatsika pang'ono ndi kusiya kampata ka kuwala, ndipo kukula kwa kampatako ndiko kumamuuza ngati maceka akungika mokwanira.

M'mawa mwake ndinapalasa njinga kupita kwa amai, amene akali moyo ngakhale maso afooka. Nditawaikira nyundo m'manja, anaizindikira nthawi yomweyo. Anati atate anagwira nchito zaka 11 m'kacipinda ka maceka monga wothandiza Mzungu wina: kunyamula zimbale, kugwirira pamene iye amenya, kupukuta mafuta. Pang'ono ndi pang'ono anaphunzira ndi maso, mpaka Mzunguyo anayamba kuwasiyira nchito yonse. Patapita zaka ziwiri dziko litalandira ufulu wa 1964, munthuyo anabwerera kwao, nawasiyira nyundo ndi tizitsulo tija. Atate anapitiriza kukhoma maceka mpaka m'caka ca 1976, pamene tinabwerera kumudzi mtengo wa mkuwa utagwa.

"Nanga bwanji simunatiuze zimenezi, amai?"

"Munafunsa liti?" anandiyankha.

Ndinamasula mapepala aja. Pa onse analembedwa kuti lebala kapena wothandiza. M'masiku a Northern Rhodesia nchito zaluso za m'migodi ndi m'mafakitale zinali zosungidwira Azungu, ndipo munthu wakuda, ngakhale adziwe cotani, pa pepala anali kukhala wothandiza. Atate analibe satifiketi, cotero dzina limenelo linawamamatira mpaka kutha kwa nchito yao. Ife ana ao tinakhulupirira pepala.

Tsopano ndikumbukira zimene ndinaona ndili mnyamata osazimvetsa. Anthu oceka matabwa a mlombwa ndi mbawa pa maenje, awiriawiri, wina pamwamba wina pansi, anali kubwera ndi maceka ao aatali kwa atate akayamba kukhota. Atate anali kukhala pa mthunzi, kutsinzina diso limodzi, kulozetsa macekawo ku dzuwa nthawi yaitali, kulemba ndi khala, ndi kugogoda kanayi kapena kasanu pa cidutswa ca njanji. Anali kugwiritsa kanyundo kakang'ono. Yaikulu ija inali kugona m'bokosi, pakuti kumudzi kunalibe maceka oyenera kulemera kwake. Anthuwo pocoka anali kusiya nkhuku kapena thabwa. Ine, mwana wa sukulu ya mishoni wodziwa Cingerezi, ndinali kuona ngati ndi masewera a munthu wosowa cocita. M'caka canga caciwiri ku sekondale, pa chuthi, anandiitana kuti, "Bwera udzagwire kuno, uone." Ndinayankha kuti ndili kuwerenga, ndipo ndinaonjeza mau amene ndikanakonda kuwameza: ndinati nchito za nyundo ndi za anthu amene sukulu inawakanika. Sanandikalipire. Anaitana mwana wa mnansi wathu kuti awagwirire, ndipo ine sanandiitanenso.

Agogo a ku Ndola anandiuza kuti luso limeneli lili kutha. M'mafakitale aakulu nchito yokunga maceka tsopano imacitika kwambiri ndi makina a timagudumu tiwiri tacitsulo timene timapsinja cimbale, ndipo oceka matabwa ambiri a masiku ano ali ndi maceka a injini onyamula m'manja, kapena a lamba wopyapyala amene akatha amangotayidwa. Makina sindiwada, pakuti amapeputsa nchito. Cimene cindiwawa ndi cakuti nzeru imene atate anaitola ndi maso kwa zaka 11 inali pa khonde pathu, yaulere, ndipo inapita nao kumanda cifukwa mwana wao anali ndi buku m'manja. Safunsa anadya phula.

Nyundo ija ndinaicotsa m'kabati. Belu tsopano timaliza ndi cibauti ca ngolo, ndipo ena adandaula kuti mau ake safika kutsidya kwa dambo monga kale. Nkhope yake ndinaipala madzulo ambiri ndi mwala wonolera, sandipepa ndi mafuta, monga agogo anandilangiza. Yayambanso kuwala, koma timaenje tiwiri takuya takana kucoka; timeneto ndi tanga. Mlongo wanga wabweza kacitsulo kamodzi. Kenako akuti akali kukafuna pa nchito yake, ndipo sindinalimbane naye, pakuti nako kali m'manja mwa mmisiri. Pa mpini ndamangirira kapepala kolembapo dzina la nyundo, nchito yake ndi dzina la mwini wake, ndipo pansi pa dzinalo ndalemba kuti: dokotala wa maceka. Mwana wa mkulu wanga, amene aphunzira za zitsulo ku sukulu ya zaluso ku Chipata, ndiye adzailandira.

Inu awerengi anzanga, m'nyumba zambiri muli zotere: kacitsulo kopindika kumbuyo kwa nkhokwe, cida ca maonekedwe acilendo pansi pa bedi, cimene makolo anabwera naco kucokera ku Migodi, ku Wankie kapena ku Joni. Ogula zitsulo zakutha ali kuyendayenda m'midzi ndi masikelo ao. Musanagulitse, tengani cinthuco mupite naco kwa mkulu amene akali moyo, muciike m'manja mwao, ndi kufunsa kuti, "Kodi ici cinali ca nchito yanji?" Mukatero mukhale pansi, pakuti yankho lake lingatenge mpaka dzuwa kulowa.